Malin 1: Mlalang'amba Waukulu Umene Udabisala Mumdima wa Thambo

Pa mafunso amene akatekisiti athu amalandira kwa achinyamata a m'sukulu za sekondale, pali limodzi limene limabwerabwera. Ngati akatswiri a sayansi akunena kuti thambo lakhalapo zaka mabiliyoni, ndipo lili ndi nyenyezi zosawerengeka, nanga zimene timawerenga m'buku la Genesis tizimve bwanji? Funso limeneli si lachipongwe, ndipo siliyenera kuyankhidwa mokalipa kapena mozemba. Koma munthu sangaliyankhe bwino asanadziwe zimene akatswiriwo apezadi, ndiponso njira imene adazipezera. Choncho m'nkhani ino titenga chinthu chimodzi chokha cha kuthambo, mlalang'amba wotchedwa Malin 1, ndi kuchifotokoza mwatsatanetsatane. Mlalang'amba umenewu ndi umodzi mwa ikuluikulu yodziwika, komabe mpaka chaka cha 1986 padalibe munthu wodziwa kuti ulipo.

Kodi mlalang'amba n'chiyani?

Aliyense amene adakulira kumudzi, kutali ndi magetsi a m'tauni, amaudziwa mzere woyererako umene umadutsa pakati pa thambo usiku wopanda mwezi, makamaka m'nyengo yachisanu. Makolo athu adautcha Mlalang'amba. Ndi maso okha umaoneka ngati utsi kapena ufa womwazika, koma m'chaka cha 1610 Galileo Galilei wa ku Italy, atauyang'ana ndi telesikopu yake, adalengeza kuti ndi nyenyezi zochuluka zedi zothithikana. Lero tikudziwa kuti mzerewo ndi mudzi waukulu wa nyenyezi zoposa 100 biliyoni, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa nyenyezizo. Mudzi umenewu ndi wophwatalala ngati lichero, koma wotupa pakati. Ife tili m'kati mwa licherolo, ndipo n'chifukwa chake tikayang'ana cham'mbali mwake timaona nyenyezi zitaunjikana mumzere umodzi.

Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti mudzi wathuwu ndiwo chilengedwe chonse. Matelesikopu ankaonetsa timadontho tina tooneka ngati timitambo, ndipo m'chaka cha 1845 William Parsons wa ku Ireland adaona kuti kena mwa timitamboti kali ndi mikono yopiringizika ngati chigoba cha nkhono. Koma padalibe wodziwa kutalika kwake. Mkanganowu udatha cha m'ma 1924, pamene Edwin Hubble, pogwiritsa ntchito telesikopu ya pa phiri la Wilson ku California, adasonyeza kuti kamtambo kotchedwa Andromeda kali kunja kwenikweni kwa mudzi wathu, ndipo nakonso ndi mudzi wa nyenyezi paokha. Masiku ano dzina loti mlalang'amba limagwiritsidwa ntchito pa midzi yonse yotere, ndipo akatswiri amati ilipo mabiliyoni mazanamazana. Ina ndi yobulungira ngati dzira, ina ilibe maonekedwe olongosoka, ndipo ina ndi ya mikono yopiringizika. Mlalang'amba wathu ndi Malin 1 ili m'gulu lotsirizali.

Muyeso wa mtunda kuthambo

Makilomita amene timayesera ulendo wa pansi pano ndi ochepa kwambiri kuti tiyesere thambo. Akatswiri amayesa ndi liwiro la kuwala, limene ndi makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kuwala kochokera ku mwezi kumatifika m'sekondi imodzi ndi kachigawo kochepa. Kochokera ku dzuwa kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20. Mtunda umene kuwala kumayenda m'chaka chathunthu, womwe ndi makilomita pafupifupi 9.5 thiriliyoni, amautcha chaka cha kuwala. Tiyenera kukumbukira kuti mawu amenewa akunena za mtunda, ngati mmene munthu amanenera kuti kumunda kwake ndi ulendo wa maola awiri.

Nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa, Proxima Centauri, ili pa mtunda wa zaka za kuwala 4.2. Mlalang'amba wathu kuchokera mbali ina kufika mbali ina ndi zaka za kuwala pafupifupi 100,000. Timitambo tiwiri timene timaoneka kumwera usiku wamdima, timene timatchedwa Mitambo ya Magellan, ndi timilalang'amba tating'ono toyandikana nafe: kokulirapo kali pa zaka za kuwala pafupifupi 160,000, kenako pa 200,000. Andromeda ili pa zaka za kuwala 2.5 miliyoni. Tsono Malin 1 ili pa mtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 1.2 biliyoni.

Tanthauzo lake ndi lakuti kuwala kwa Malin 1 kumene matelesikopu akulandira lero kudanyamuka zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo. Nthawi imeneyo pa dziko lapansi padalibe mtengo, udzu, nsomba kapena nyama. Zamoyo zimene zidalipo zidali tinthu tating'onoting'ono ta m'madzi. Munthu woyang'ana kutali kuthambo amaona zinthu monga zidaliri kalekale.

Mmene udapezekera

Kale m'chaka cha 1976, katswiri wa ku Britain, Michael Disney, adachenjeza anzake kuti mwina milalang'amba imene ili m'mabuku awo ndi yokhayo yosavuta kuona. Maganizo ake adali akuti thambo la usiku, ngakhale usiku wamdima wandiweyani, lili ndi kuwala kwakekwake kochokera mumlengalenga ndi ku fumbi la pakati pa mapulaneti. Mlalang'amba uliwonse umene kuwala kwake kuli kozirala kuposa kuwala kwa thamboli ungathe kumira osaoneka, monga momwe nyenyezi zimasowera masana pamene zili pompo.

Munthu amene adapeza njira yovundukulira zobisikazi ndi David Malin, wobadwira ku England, amene ankagwira ntchito yojambula zakuthambo ku Anglo-Australian Observatory ku Australia. Nthawi imeneyo zithunzi za thambo zinkajambulidwa pa magalasi opakidwa mankhwala. Malin adatulukira luso lotsukanso zithunzizo mwa njira yokuza kuwala kofooka kwambiri kumene diso silikadatha kukuona pa galasi loyambalo. Pamodzi ndi Gregory Bothun ndi Christopher Impey, iye adayamba kufufuza magalasi ojambulidwa ndi telesikopu ya UK Schmidt ya ku Siding Spring. Cholinga chawo chidali kupeza timilalang'amba tating'ono tozirala m'gulu la milalang'amba lotchedwa Virgo, limene lili pa zaka za kuwala pafupifupi 54 miliyoni.

Pa timadontho tambiri timene adapeza, kamodzi kadali kosiyana ndi tinzake. Kadali ndi phata lowala pakati, lozunguliridwa ndi chifunga chosaoneka bwino. Poyamba adakawerengera pamodzi ndi tinzake ta m'gulu la Virgo. Koma atapima kuwala kwa phata lake, ndiponso atatchera telesikopu yaikulu yolandira mafunde a wailesi ya ku Arecibo ku Puerto Rico, imene mbale yake idali ya mamita 305, adapeza kuti chinthucho sichili m'gulu la Virgo konse. Chili kumbuyo kwake, kutali maulendo oposa 20. Kadontho kamene kankayesedwa kamwana kapafupi kadapezeka kuti ndi chimphona chakutali. Zotsatira za kafukufukuyu zidasindikizidwa m'chaka cha 1987 m'dzina la Bothun, Impey, Malin ndi Jeremy Mould, ndipo mlalang'ambawo udatchedwa dzina la mwini lusolo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chithunzi chake chidalipo kale pa galasi. Chidasowa munthu wodekha wochiyang'anitsitsa.

Adadziwa bwanji kutalika kwake?

Apa ndi pamene achinyamata ambiri amakayikira, ndipo ali ndi chifukwa chofunsira. Palibe munthu adapitako ndi chingwe choyesera. Nanga nambala imeneyi idachokera kuti?

Kuwala kukadutsa m'galasi losongoka kumagawika m'mitundu ngati ya utawaleza. M'mitundu imeneyi mumaoneka timizere, ndipo chinthu chilichonse cha m'chilengedwe, kaya ndi chitsulo kaya ndi mpweya wa haidirojeni, chili ndi timizere take pa malo ake odziwika, monga momwe munthu aliyense aliri ndi chidindo cha chala chakechake. Mmodzi mwa oyamba kugawa nyenyezi m'magulu potsata timizere timeneti adali wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Bambo Angelo Secchi, amene ankagwira ntchito ku Roma m'zaka za m'ma 1860.

Tsono kuwala kumayenda m'mafunde, monganso phokoso. Amene adaimapo m'mbali mwa msewu ambulansi ikudutsa amadziwa kuti kulira kwake kumamveka kokwera pamene ikubwera, ndipo kumatsika ikangopitirira. Chinthu chikamatalikira, mafunde ake amatifika atatambasuka. Kuwala nakonso kumatero: timizere ta chinthu chimene chikutalikirana nafe timasunthira ku mbali yofiira ya utawaleza. Mpweya wa haidirojeni umatulutsa mafunde a wailesi otalika masentimita 21. Ochokera ku Malin 1 adafika ku Arecibo atatambasuka kufika pafupifupi masentimita 23. Kutambasuka kotere kukusonyeza kuti mlalang'ambawu ukutalikirana nafe pa liwiro la makilomita pafupifupi 25,000 pa sekondi, pamene gulu la Virgo likutalikira pa makilomita 1,000 ndi pang'ono okha.

Kuchoka pa liwiro kufika pa mtunda pamafunika lamulo lina, ndipo woyamba kulilemba adali wansembe. Bambo Georges Lemaître wa ku Belgium, amene adadzozedwa unsembe m'chaka cha 1923 ndipo ankaphunzitsa pa yunivesite ya Katolika ya Louvain, adasonyeza m'chaka cha 1927 kuti chilengedwe chikutambasuka, ndipo kuti mlalang'amba ukakhala kutali kwambiri, liwiro lake lotalikira limakhalanso lalikulu molingana. Hubble adatsimikiza zimenezi ndi miyeso yake m'chaka cha 1929. M'chaka cha 2018 bungwe la akatswiri a zakuthambo la dziko lonse lidavomereza kuti lamuloli lizitchedwa la Hubble ndi Lemaître. Malinga ndi miyeso ya masiku ano, pa zaka za kuwala 1 miliyoni zilizonse liwiro limawonjezeka ndi makilomita pafupifupi 21 pa sekondi. Mwana wasukulu angathe kuchita yekha samuyi: 25,000 kugawa ndi 21 yankho lake ndi pafupifupi 1,190. Ndiye kuti zaka za kuwala 1,190 miliyoni, kapena kuti 1.2 biliyoni.

Kukula ndi maonekedwe ake

Mtunda ukadziwika, kukula kwenikweni kumadziwikanso. Pa thambo Malin 1 imatenga kamalo kochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 15 a m'lifupi mwa mwezi wathunthu. Koma kuti chinthu chakutali chotero chioneke ngakhale chonchi, chiyenera kukhala chachikulu modabwitsa. Akatswiri amati lichero lake ndi lotambasuka zaka za kuwala pafupifupi 650,000, kuposa Mlalang'amba wathu kasanu ndi kamodzi. Chikhala kuti idaikidwa pamalo pa Mlalang'amba wathu, malekezero ake akadapitirira kutali Mitambo yonse iwiri ya Magellan. Kapena tiyerekeze motere: Mlalang'amba wathu utachepetsedwa kukhala lichero la mita imodzi, Malin 1 ikadakhala bwalo la mamita 6 ndi theka, loikidwa pa mtunda wa makilomita 12 kuchokera pa licherolo.

Chithunzi chake chakhala chikumveka pang'onopang'ono pamene zida zikupita patsogolo. M'chaka cha 2007 Aaron Barth, ataunika zithunzi za telesikopu ya Hubble imene imazungulira dziko mumlengalenga, adapeza kuti pakati pa Malin 1 pali mlalang'amba wooneka ngati wamba, wokhala ndi phata, mpiringidzo wa nyenyezi wopingasa pakati, ndi lichero lamkati lowala bwino. Pa phata penipeni pali zizindikiro za dzenje lakuda, chinthu cholemera kwambiri mwakuti ngakhale kuwala sikungathe kuthawamo. Mlalang'amba wathu nawonso uli nalo lake. Chachilendo ndi lichero lakunja, lalikulu ndi lozirala, lozungulira zonsezi. M'chaka cha 2015 gulu lotsogoleredwa ndi Gaspar Galaz wa pa yunivesite ya Katolika ya ku Chile, pogwiritsa ntchito telesikopu ya Magellan ya mamita 6.5 ku Las Campanas, lidatulutsa zithunzi zoonetsa bwino lomwe mikono yake yopiringizika, yokhala ndi timagulu ta nyenyezi zatsopano apa ndi apo.

Mikono ya mlalang'amba si chinthu cholimba ngati masipoko a njinga. Ndi malo amene nyenyezi ndi mpweya zimapanikizana kwa kanthawi pa ulendo wawo wozungulira, monga momwe magalimoto amaunjikirana pa mlatho wopapatiza: magalimoto amalowa ndi kutuluka, koma mdipitiwo umakhalabe pamalo pake. Mpweya ukapanikizika chotero umabala nyenyezi zatsopano zowala kwambiri, ndipo ndizo zimaonetsa mikonoyo.

N'chifukwa chiyani uli wozirala?

Pali kusiyana pakati pa kuchuluka kwa kuwala ndi kuthithikana kwake. Tiganizire za Misa ya usiku wa Pasaka. Akhristu chikwi akayatsa makandulo awo m'tchalitchi, nyumba yonse imawala, ndipo ngakhale munthu wa patsidya la dambo amaona kuwala pa mawindo. Koma akhristu omwewo akabalalika, aliyense kupita kumudzi kwake m'parishi yonse kandulo ikuyakabe, munthu woima paphiri sangaone kanthu. Makandulo sadachepe, angomwazika pa dera lalikulu.

Malin 1 ili ngati parishi imeneyi. Kuwala kwake konse kukaphatikizidwa ndi kochuluka ndithu, kofanana ndi kwa milalang'amba ikuluikulu. Koma nyenyezi za m'lichero lake lakunja n'zotalikirana kwambiri, mwakuti kachigawo kalikonse ka licherolo n'kozirala maulendo oposa khumi poyerekeza ndi thambo la usiku wamdima kwambiri. Kulijambula kuli ngati kufunafuna ulusi wotuwa pa nsalu yotuwa.

Nanga n'chifukwa chiyani nyenyezi zake zili zotalikirana? Si kuti zopangira nyenyezi zikusowa. Malin 1 ili ndi mpweya wa haidirojeni wolemera ngati madzuwa pafupifupi 50 biliyoni, kuposa kasanu umene uli mu Mlalang'amba wathu, ndipo ndi umodzi mwa milalang'amba ya mpweya wochuluka kwambiri yodziwika. Koma nyenyezi imabadwa pokhapokha mpweya ukaundana mokwanira kuti mphamvu yokoka iuphwanyire pamodzi mpaka pakati pake patenthe ndi kuyaka. Mu Malin 1 mpweyawo ndi womwazika pa dera lalikulu, motero m'malo ambiri sufika pa muyeso woundanawo. Mayi aliyense wophika amadziwa kuti nkhuni zobalalika sizikoleza moto, ngakhale zichuluke bwanji. Choncho mlalang'ambawu ukubala nyenyezi mwapang'onopang'ono, ndipo chuma chake chambiri chikadali m'nkhokwe.

Kuzungulira kwake ndi zinthu zosaoneka

Poyesa mafunde a haidirojeni mbali ndi mbali, akatswiri apeza kuti mpweya wa m'lichero la Malin 1 ukuzungulira phata pa liwiro loposa makilomita 200 pa sekondi, ngakhale kumalekezero kwenikweni. Bwalo lake n'lalikulu kwambiri mwakuti kumalekezeroko ulendo umodzi wozungulira umatenga zaka zoposa 2 biliyoni, pamene dzuwa lathu limazungulira phata la Mlalang'amba wathu m'zaka pafupifupi 230 miliyoni. Chiyambire chilengedwe, zaka 13.8 biliyoni zapitazo, malekezero a Malin 1 sangakhale atazungulira koposa maulendo owerengeka pa zala.

Liwiro limeneli limadzutsa funso. Mwala womangidwa pa chingwe ukazunguzidwa mwamphamvu, chingwecho chiyenera kukhala cholimba, apo ayi mwalawo uthawa. Chingwe cha mlalang'amba ndi mphamvu yokoka, imene imadalira kulemera kwa zinthu zimene zilimo. Koma akatswiri akawerengera nyenyezi ndi mpweya wonse wooneka, kulemera kwake sikukwanira kugwira zinthu zothamanga chotero kumalekezero. Vuto limeneli adalisonyeza momveka Vera Rubin ndi Kent Ford a ku America m'zaka za m'ma 1970, atapima milalang'amba yambiri ya mikono. Yankho limene akatswiri ambiri amalandira ndi lakuti pali zinthu zina zolemera zimene sizitulutsa kuwala, zimene amazitcha zinthu zamdima, ndipo zikuyerekezedwa kuti ndi magawo pafupifupi 85 pa 100 a zinthu zonse zolemera m'chilengedwe. Milalang'amba yozirala ndi malo abwino ophunzirira zimenezi, popeza kumalekezero kwake nyenyezi n'zochepa. Mayi Rubin, amene adali Myuda, adasankhidwa ndi Papa Yohane Paulo II m'chaka cha 1996 kukhala membala wa bungwe la Apapa la akatswiri a sayansi.

Pano akatekisiti achenjere. Zinthu zamdimazi si mizimu, si angelo, ndiponso si zamatsenga. Ndi zolengedwa zokhala ndi kulemera, zimene zimadziwika ndi mphamvu yake yokoka, ndipo dzina lake likungosonyeza kuti siziwala.

Udapangika bwanji?

Malinga ndi zimene akatswiri amaphunzitsa, milalang'amba ikuluikulu imakula pomeza ing'onoing'ono ndi pophatikizana ndi inzake. Kugundana kotere kawirikawiri kumasokoneza lichero lopyapyala. Tsono lichero lalikulu ndi losalimba ngati la Malin 1 lidapangika bwanji, ndipo lidapulumuka bwanji? Pali maganizo angapo amene akupimidwa. Ena amati lidakula mwakachetechete pokoka mpweya wozizira kwa zaka mabiliyoni, pothandizidwa ndi kukhala kwake m'dera lopanda milalang'amba yambiri yolisokoneza. Ena amati lidapangidwa ndi zotsalira za timilalang'amba ta mpweya wambiri timene tidang'ambika pozungulira waukuluwo. Enanso amati mlalang'amba wina udadutsa pafupi kapena kuboola pakati, n'kumwaza mpweya kutali. Ndipo pafupi ndi phata lake padapezekadi kamlalang'amba kena kotchedwa Malin 1B. Nkhaniyi sidagamulidwe, ndipo umu ndi mmene sayansi imayendera: maganizo amaikidwa poyera, n'kuyesedwa ndi miyeso yatsopano.

Malin 1 sili yokha. Padapezeka Malin 2, ndipo m'chaka cha 2016 mlalang'amba wotchedwa UGC 1382, umene kwa zaka zambiri unkayesedwa wamba wobulungira, udapezeka kuti nawonso uli ndi lichero lalikulu lozirala. Telesikopu ya Arecibo idagwa mu Disembala 2020, koma ntchito yotchera mafunde a haidirojeni ikupitirira ndi zida zina, monga mbale 64 za MeerKAT m'chipululu cha Karoo ku South Africa. Malo atsopano oonera zakuthambo a ku Chile, otchedwa dzina la Vera Rubin, adatulutsa zithunzi zake zoyamba mu Juni 2025, ndipo imodzi mwa ntchito zake ndi kuvundukula zinthu zozirala zotere.

Eklezia ndi maphunziro a zakuthambo

Ena amaganiza kuti Eklezia amaopa maphunziro amenewa. N'zoona kuti pa mlandu wa Galileo m'chaka cha 1633 akuluakulu a Eklezia adaweruza molakwa, ndipo Papa Yohane Paulo II adavomereza zimenezi poyera m'chaka cha 1992. Koma mbiri yonse siithera pamenepo. M'chaka cha 1891 Papa Leo XIII adakhazikitsanso malo a Vatican oonera zakuthambo, pofuna kusonyeza kuti Eklezia amalimbikitsa sayansi yoona. Likulu lake lili ku Castel Gandolfo, ndipo kuyambira 1993 ali ndi telesikopu pa phiri la Graham ku Arizona. M'chaka cha 2025 Papa Leo XIV adasankha Bambo Richard D'Souza, Mjezuiti wa ku India, kukhala mkulu wa malowa. Ukatswiri wawo ndi wofufuza mmene milalang'amba imaphatikizirana.

Chiphunzitso cha Eklezia pa nkhaniyi n'chomveka. Msonkhano Waukulu Woyamba wa Vatican udaphunzitsa m'chaka cha 1870 kuti munthu, pogwiritsa ntchito nzeru zake, angathe kudziwa Mulungu kudzera m'zolengedwa, ndiponso kuti chikhulupiriro ndi nzeru sizingatsutsane kwenikweni, popeza gwero lake ndi limodzi. Katekisimu wa Eklezia Katolika akubwereza zomwezi pa ndime 159. Ndipo kalekale Augustino Woyera, pomasulira buku la Genesis, adachenjeza kuti n'chinthu chochititsa manyazi Mkhristu kulankhula zosadziwa pa za thambo ndi dziko ponamizira Malembo, chifukwa omvera amene akuzidziwa bwino zinthuzo adzayamba kunyoza ndi Malembo omwe.

Bambo Lemaître eni ake adapereka chitsanzo cha kusamala. Ngakhale ndiwo adayambitsa, m'chaka cha 1931, ganizo lakuti chilengedwe chidayamba chili chothithikana pamodzi kenaka n'kutambasuka, iwo sankafuna kuti ganizolo lizilalikidwa ngati umboni wa sayansi wotsimikiza kulenga kwa Mulungu. Ankadziwa kuti ganizo la sayansi lingathe kusintha mawa, pamene chikhulupiriro chakuti zonse zimadalira Mulungu sichiima pa muyeso wa telesikopu.

Zothandiza pophunzitsa

Katekisiti akafunsidwa za zimenezi, choyamba asakane manambala amene ali ndi umboni. Zaka 1.2 biliyoni za Malin 1 si nkhambakamwa; taona njira imene zidapezekera. Kuuza mwana kuti asankhe pakati pa mphunzitsi wake wa sayansi ndi Baibulo n'kumusenzetsa katundu amene Eklezia sadamusenzetse, ndipo ana ambiri anzeru asiya kupemphera chifukwa cha kusankhitsidwa kotere.

Chachiwiri, afotokoze kuti mafunso alipo awiri. Sayansi imafunsa mmene zinthu zimayendera, zaka zake ndi zopangira zake. Buku la Genesis limayankha funso lina: zonsezi zidachokera kwa yani, n'zabwino kapena zoipa, ndipo munthu malo ake ndi otani pakati pa izo. Limaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi, kuti dzuwa, mwezi ndi nyenyezi ndi zolengedwa osati milungu, ndiponso kuti munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Lidalembedwa m'chilankhulo ndi m'mafanizo a anthu a nthawi yake, ndipo silidalembedwe kuti likhale buku la masamu a zakuthambo.

Chachitatu, asiyanitse maphunziro a zakuthambo ndi kuwombeza ndi nyenyezi kumene kumapezeka m'manyuzipepala ena. Katekisimu pa ndime 2116 akukana kuwombeza kotere. Nyenyezi ndi mpweya woyaka. Sizilamula ukwati, malonda kapena imfa ya munthu.

Chachinayi, ayembekezere funso lozama kwambiri: m'chilengedwe chachikulu chotere, kodi Mulungu angasamale za kanthu kakang'ono ngati munthu? Funso limeneli si latsopano. Mlembi wa Salimo 8 adalifunsa kale atayang'ana mwezi ndi nyenyezi. Ulemu wa munthu suyesedwa ndi msinkhu. Malin 1, ndi kukula kwake konse, siidziwa kuti ilipo. Munthu, amene moyo wake ndi zaka makumi owerengeka, watha kuipeza, kuiyesa ndi kufunsa za chiyambi chake, ndipo yekhayo angathe kuthokoza Mwini wake. Ndipo chikhulupiriro chathu chimapitirira apo: Mwana wa Mulungu, amene zonse zidalengedwa mwa Iye, adadzakhala munthu pa dziko laling'ono lino.

Malin 1 singaoneke ndi maso, ngakhale ndi telesikopu yaing'ono, koma dera lake la thambo limaoneka bwino kwathu kuno. Ili m'gulu la nyenyezi lotchedwa Coma Berenices, kufupi ndi malire a gulu la Virgo. M'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni, mvula ikamatha ndipo thambo likayera, dera limeneli limakwera chakumpoto madzulo. Pakati pa Meyi limafika pamwamba pake cha m'ma 9 koloko usiku, chakumadzulo kwa nyenyezi yowala yofiirira yotchedwa Arcturus. Akatekisiti ndi atsogoleri a achinyamata m'miphakati angachite bwino kutulutsa ana panja usiku wina wopanda mwezi, kuwalozera malo amenewa, kuwafotokozera zimene zili kumeneko, ndi kutsiriza ndi pemphero lothokoza Mulungu, Mlengi wa zooneka ndi zosaoneka.